Ndinatuluka ndi mwana kumsana ndi kachikwama kamodzi

Funso loti nyumba itagwira moto ungatulutse chiyani ndinalimvapo kangapo ndisanauone moto weniweni. Tinkafunsana tikakumana ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama, wina n'kunena TV, wina firiji. Ine ndinkayankha msanga: makina anga osokera ndi kasutikesi ka malemu amayi. M'maganizo mwanga ndinkadziona nditaima pakati pa nyumba n'kumaloza kuti ichi chituluke, icho chitsale. Tsikulo linafika mu Seputembala 2024, ndipo pa zinthu ziwirizo palibe chimene dzanja langa linakhudza.

Ndine telala, ndimakhala kuno ku Chipata, m'dziko la Zambia. Nthawi imeneyo tinkachita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Kapata, yamalata, mawindo onse otchingidwa ndi zitsulo chifukwa cha akuba. Amene munali m'dziko muno chaka chimenecho mukukumbukira mmene zinalili. Mvula inakana, moti mu Febuluwale boma linalengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse, ndipo madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika kwambiri. Magetsi tinkangowaona pang'ono, masiku ena maola atatu okha, nthawi zambiri pakati pa usiku anthu tili mtulo. Kandulo anasanduka chinthu chogula tsiku ndi tsiku ngati mchere.

Usiku umenewo amuna anga kunalibe, anali pa ulendo wa ku Lusaka ndi galimoto ya kuntchito. M'nyumba tinalimo ine, mwana wanga wamkazi yemwe ankakonzekera mayeso a giredi 9, mlongo wake wa zaka 8, wakhanda yemwe anali asanathe chaka ndi theka, komanso kamnyamata ka mng'ono wanga kamene kanabwera kudzacheza kuchokera ku Katete. Mtsikanayu ankawerenga pabalaza. Kandulo anamuika pa mbale yapulasitiki, pamwamba pa tebulo langa losokera, pafupi ndi windo. Atatopa anandifunsa kuti, "Amayi, ndizimitse?" Ine ndinati ausiye, ndikufuna ndimalize kupinda m'munsi mwa diresi ya munthu. Mwana analira kuchipinda, ndinapita kukamuyamwitsa, tulo n'kundiba pomwepo.

Cholakwacho chinali changa. Ndikunena poyera chifukwa kwa miyezi yambiri mwana wanga ankadziimba mlandu, ndipo sindifuna kuti wina aliyense aziganiza kuti anali iye.

Chinandidzutsa si kutentha ayi, koma kutsokomola kwa wakhanda. Nditatsegula maso sindinaone malawi, ndinangoona mdima wina wolemera, wonunkha pulasitiki, woluma m'maso ndi pakhosi. Nditakankha chitseko cha kuchipinda ndinaona katani yonse ili lawilawi, nsalu za pa tebulo zikuyaka, mipando ya siponji ikutulutsa utsi wakuda bii. Mphepo ya mwezi umenewo mukuidziwa, youma, yosakhazikika. Inkalowa pa windo n'kumaukupiza motowo ngati munthu akukoleza mbaula. Khomo lakumaso linali kuseri kwa motowo.

Ndinakuwa. Ndinaponya wakhanda kumsana n'kumanga chitenje mfundo imodzi, ndinadzutsa awiri aja ndi kuwakoka, tonse kulowera kukhitchini kumene kunali khomo lakuseri. Apa ndi pamene tikanathera. Khomo limenelo linali ndi geti yachitsulo ya loko, ndipo chifukwa sitinkaligwiritsa ntchito, kiyi wake anasowa kalekale. Ndinkangoti ndidzagula loko wina, ndidzagula. Ndinagwedeza zitsulozo ndi manja onse ndikuitana maina a aneba. Abambo a nyumba yoyandikana nayo, munthu wachikulire wogulitsa makala, anafika ndi nkhwangwa. Anamenya lokoyo kanayi kapena kasanu, ana atakhala pansi kumapazi kwanga akutsokomola.

Akumenya choncho ndinagwira mitu ya ana mumdimamo. Umodzi, uwiri, wachitatu kumsana. Mtima unagunda kuti phaa. Wa mng'ono wanga panalibe. Ndinagwada n'kubwerera chokwawa, chifukwa pansi mpweya unali wopumikako, kufika kuchipinda cha ana. Pabedi panalibe munthu. Ndinapisa dzanja kunsi kwa bedi n'kugwira kamwendo. Anali atabisala ku khoma, ali chete, osalira n'komwe. Pambuyo pake ndinamva kwa ozimitsa moto kuti ana aang'ono amachita zimenezi kawirikawiri: akaopa amalowa kunsi kwa bedi kapena m'kabati, sathawira panja. Ndinamukoka ngati thumba la chimanga mpaka kukhitchini, loko n'kuti atathyoka.

Potuluka dzanja langa linakola lamba wa kachikwama kanga kamene kanali pa msomali pafupi ndi khomolo. Sindinakasankhe. Kanali panjira basi. Masana a tsikulo ndinali nditapita ndi mwana kusikelo, ndiye munali khadi lake, NRC yanga (chitupa cha unzika), foni ndi ndalama zochepa zotsala pa minibasi. Zimenezo ndi zonse zimene zinatuluka m'nyumba ya zaka 11 za ukwati.

Titafika panja, ana ali m'manja mwa azimayi anzanga, m'pamene ndinakumbukira kasutikesi. Ndinathamanga kubwerera. Agogo ena a pafupi, amene tonse timangowaitana kuti ambuya, anandigwira chitenje m'chiuno n'kukhala pansi osandisiya. Ndinawachonderera kuti, "Ambuya ndisiyeni, muli chithunzi cha amayi." Iwo anati, "Mwana wanga, amako anapita kale. Ukufuna awa nawonso atsale ndi chithunzi chako?" Pasanapite nthawi yaitali siling'i ya pabalaza inagwa, malata n'kuyamba kulira ndi kupindika. Ndikanakhala ndili mkatimo.

Anthu anathandiza mmene akanathera, ndi ndowa, mabeseni ndi mchenga. Wina anaimbira ozimitsa moto pa 993, ndipo atabwera anateteza nyumba zoyandikana kuti zisagwire. Yathu inali itatha kale. Nambala imeneyo ine sindinkaidziwa. Lero ili m'foni ya aliyense wa m'banja mwathu, pamodzi ndi 991 ya apolisi.

Pali mnyamata wina wa m'dera lathu yemwe anafuna kutichitira chifundo, anapisa mkono pa windo kuti akoke wailesi, n'kupsa kuchokera pa chigongono mpaka m'zala. Nthawi yomweyo anthu anayamba kuitanitsa mankhwala otsukira mano, ena mafuta ophikira, ena dzira laliwisi. Mwamwayi panali mayi wina namwino. Anakana zonsezo, anamuvula wotchi mkono usanatupe, anamukhazika pansi n'kumathira madzi ozizira oyera pang'onopang'ono kwa mphindi 20, kenako anaphimba ndi nsalu yoyera n'kupita naye kuchipatala. Anatiuza kuti zopakapakazo zimatsekera kutentha mkati mwa khungu ndipo zimabweretsa matenda pa bala, matuza asaphulitsidwe, ndipo nsalu ikamatirira pa bala isamatulidwe. Ifenso anatikakamiza kupita kukapimidwa ngakhale panalibe amene anapsa, chifukwa utsi umavulaza m'mapapo munthu akuoneka bwinobwino. Anthu ambiri amene amafa pa moto wa m'nyumba amaphedwa ndi utsi, malawi asanawafike n'komwe.

Kutacha ndinapita kukaona. Fungo la phulusa lonyowa silidzandichoka m'mphuno. Bedi linangotsala mawaya, mapoto opindika, TV yosungunuka ngati phula. Zimenezi ndinaziyang'ana osamva kanthu. Misozi inabwera nditafika pakona pamene panali kasutikesi. Panatsala timahinjesi tiwiri ndi kachitsulo ka loko.

Ndifotokoze zimene zinali mmenemo. Amayi anali a Chigwirizano mu mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ) kwa zaka zambiri, anakulira kufupi ndi Magwero, kumene amishoni anayamba ntchito mu 1899, ndipo ankanyadira zimenezo. Yunifolomu imodzi tinawaika nayo m'manda. Bulauzi yoyera ina, yakale, yosokedwa pamanja pakhosi pamene inang'ambika, ndinaisunga ine. Munalinso buku lawo la nyimbo lothothoka chikuto, m'mphepete mwake atalemba ndi pensulo masiku obadwa a ana awo onse asanu ndi mmodzi. Ndipo munali chithunzi, chimodzi chokha chimene tinali nacho, atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde kumudzi, manja ali pa mawondo, akuyesa kubisa kuseka. Zaka zonsezo ndinali ndi foni ya kamera m'manja. Ndajambula madiresi a makasitomala osawerengeka. Chithunzi cha amayi sindinachijambulepo, chifukwa ndinkati chili pabwino.

Chinthu china chimene sindinachiganizirepo pa macheza a ku chilimba aja ndi katundu wa eni ake. Telala amagona ndi nsalu za anthu. Munali zitenje za gulu la azimayi okonzekera kitchen party, mayunifolomu a sukulu, suti ya munthu yofuna kubweza m'chiuno. Kabuku kanga ka miyezo ndi ngongole kanapsanso, moti sindinkadziwa bwino amene anandipatsa kale ndalama ndi amene anali asanandilipire. Ndinayenda khomo ndi khomo kukapepesa. Ambiri anandikhululukira, ena anandipatsanso kangachepe. Owerengeka anafuna nsalu zawo, ndipo sindiwadandaula, anagula ndi thukuta lawo. Ndinabweza pang'onopang'ono mpaka chaka chinatembenuka. Ndalama zokwana K2,800 zimene ndinkasunga m'chitini cha mkaka kuti tilipire lendi ndi zofunika kusukulu zinapita momwemo. Zimene zinali mu foni, pa mobile money, sizinakhudzidwe. Ndi zimene tinadya sabata yoyamba.

Kenako inayamba ntchito ya mapepala, yomwe imatopetsa kuposa kumanga nyumba. NRC ya amuna anga anali nayo pa ulendo, yanga inali m'kachikwama kaja, ndipo zimenezi zinatipeputsira zambiri, chifukwa kulikonse kumene upite, kubanki, kukabwezeretsa simu khadi, kukalembetsa chilichonse, funso loyamba ndi NRC. Koma satifiketi ya giredi 12 ya amuna anga, mapepala obadwira a ana, mtchatho wathu ndi malisiti a puloti imene tinkalipira pang'onopang'ono, zonse zinapsa. Ngati zakuchitikirani, yambirani kupolisi mukatenge lipoti, chifukwa maofesi ambiri amafuna lipotilo pamodzi ndi kalata yolumbira asanakuthandizeni. Lembani zonse zimene zapsa tsiku lomwelo kapena lotsatira mutu usanayambe kuiwala, ndipo jambulani malowo musanasese. Pa nkhani ya puloti tinapulumukira pa chinthu chaching'ono: amuna anga anali atatumizirapo achimwene awo chithunzi cha lisiti lomaliza pa WhatsApp.

Patapita milungu ingapo, azimayi a ku chilimba anabwera kudzandiona kumene tinkasungidwa, atanyamula mapoto, zofunda ndi ufa. Funso lija linabweranso, koma tsopano panalibe woseka. Mayi wina, mlimi wa kumbali ya ku Chiparamba, anati iye angathamangire mbewu yake ya nsawa ya Chalimbana imene wakhala akusunga chaka ndi chaka kuchokera kwa apongozi ake. Wina anati chishango ndi chibonga cha malemu atate ake, zimene ankavina nazo ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale uliwonse, ndipo tsopano amavina nazo mwana wake. Wina anatchula makalata a nyumba. Mmodzi anakhala chete nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa mawu kuti iye angatenge botolo la mankhwala ake a tsiku ndi tsiku ndi khadi la kuchipatala, chifukwa sangadumphitse ngakhale masiku ochepa. Palibe amene anatchulanso firiji.

Ine ndinawafunsa chinthu chimodzi: zimene mwatchulazo zili pati panopa? Mbewu inali kudenga. Chishango chinali kuseri kwa wadiropu. Makalata anali pansi pa sutikesi, sutikesiyo pansi pa ina, zonse kunsi kwa bedi. Chimodzimodzi mmene kanalili kasutikesi ka amayi. Chinthu tikachikonda timachibisa patali, ndipo moto ukabwera chimene chili patali ndicho chimatsala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Usiku uja fodya wanga anali kachikwama ka pa msomali.

Ndiye zimene ndimachita tsopano ndi izi, mwina zingathandize wina. Tili ndi chikwama chimodzi chimene chimakhala pa msomali pafupi ndi khomo la kuchipinda kwathu, osati kunsi kwa chilichonse. Muli mapepala onse ofunika atakulungidwa m'pulasitiki, makhadi a kuchipatala, tochi yaing'ono ndi makiyi apadera. Aliyense m'nyumba amachidziwa, ndipo lamulo lake ndi lakuti uchitenge ngati chili panjira yako, ngati sichili panjira chisiye. Pepala lililonse ndinalijambula mbali zonse n'kutumiza kwa mng'ono wanga ku Katete ndi kwa alamu anga, kuti foni yanga itapsa kapena kubedwa zikhalebe kwina. Kabuku ka miyezo ndimakajambula Loweruka lililonse ndikamatseka ntchito. Ndalama zambiri sizigonanso m'chitini.

Nyumba imene tikukhala panopa ndisanalipire lendi ndinayamba ndayang'ana makomo. Onse awiri amatseguka, ndipo kiyi wa geti iliyonse amakhala pa msomali wake pafupi ndi khomolo, pamene dzanja la munthu wa panja silingafike koma mwana wa zaka 8 angafike mumdima. Tinayeserera usiku wina titazimitsa zonse, aliyense kukwawa kuchokera pamene amagona mpaka panja, n'kukakumana pa mtengo wa mango wa kumaso. Ana anaona ngati masewera, koma ndinawauza momveka kuti moto sabisalira, ukaona utsi ukuwe ndipo utuluke, ndipo ukatuluka usabwerere ngakhale utaiwala chiyani. Zovala zikagwira moto usathamange, gona pansi ugubuduke. Kukabwera mlendo wogona, makamaka mwana, ndimanena mokweza tisanagone kuti lero tilipo angati. Aneba anga usiku uja ankati ana onse atuluka, chifukwa ankadziwa atatu.

Kandulo m'nyumba mwanga salowanso. Ndinagula nyale ziwiri za sola, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale pa mtengo wa nsalu imodzi mwa zimene ndinabweza. Ndikudziwa kuti si aliyense angathe kugula lero lomwe. Ngati mukugwiritsabe ntchito kandulo, muikeni m'chitini kapena pa mbale yachitsulo yokhala ndi mchenga, pansi, kutali ndi katani, neti ya udzudzu ndi matiresi, ndipo womaliza kutuluka m'chipindamo azimitse, osati kunena kuti ndibweranso. Ine ndinati ndibweranso. Magetsi akazima, zimitsani pa khoma sitovu, ayironi ndi hita nthawi yomweyo, chifukwa amabwerera anthu muli mtulo kapena muli kumsika. Mbaula isagone m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, popeza makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali mtulo. Mafuta akayaka m'poto musathire madzi, vundikirani ndi chivundikiro. Ndipo amene mumasunga petulo m'zigubu kuchipinda chifukwa cha njinga zamoto, chonde mupezereni malo ena kunja.

Makina aja sanafe onse. Thabwa linapsa, lamba anasungunuka, koma mutu wake, Singer yakale yachitsulo, tinaufukula m'phulusa uli wakuda ngati mphika. Mkulu wina wokonza makina pa msika wa Kapata anauviika mu parafini masiku angapo, anasintha tizitsulo tina, ndipo lero ndi umene ndikusokera. Maluwa agolide amene anali pambali pake anafufutika, ndipo ukamasoka umalira mosiyana ndi kale, koma mzere wake ndi wowongoka.

Mwana wanga analemba mayeso ake ndi mabuku obwereka. Tsiku lina ndinamupeza akulira kuseri kwa nyumba, akuti akanazimitsa yekha osandifunsa. Ndinakhala naye pansi n'kumuuza kuti iye anafunsa, ine ndinayankha, ndipo amene anagona ndi ine. Zinatenga nthawi kuti azimve.

Chaka chatha tinapita kumaliro kumudzi. Titaika, ndili kukhitchini ndi azimayi, azakhali anandikodola n'kulowa nane m'nyumba mwawo. Anatulutsa envulopu yofiirira m'kati mwa Baibulo. Chinali chithunzi cha ukwati wa msuweni wathu, cha kalekale, anthu ambirimbiri ataima pamzere kunja kwa tchalitchi. Anaika chala chakumapeto kwenikweni. "Suwaona amako apa?" Anali iwo, atavala duku, theka la nkhope litabisika kuseri kwa phewa la munthu wina, dzanja limodzi atagwira mwana amene nkhope yake sikuoneka. Azakhali akuti mwanayo ndine.

Anafuna kundipatsa. Ndinati ayi azakhali, chikhale konkuno. Ndinachitengera panja pa dzuwa, ndinachiika pa mphasa, ndinapukuta kamera ya foni ndi nsonga ya chitenje, n'kujambula katatu. Ndisananyamuke pamphasapo ndinali nditatumiza kale kwa abale anga onse asanu.